Recommend pa Chichewa tingati chani, nanga timamuyala bwanji mu chiganizo?

Yami wa ku Senga Bay: Mwaswera bwanji nonse mu gulu muno. Ndili ndi funso kwa amene chizungu chimawayenda maka aphunzitsi athu. Ine ndimaperekera zakudya pa loji ina kuno ku Senga Bay nde dzulo madzulo kunabwera azungu awiri bambo ndi mkazi wake, nditawapatsa menyu mayi uja anangoyang'ana pang'ono nkutseka kenako akundifunsa kuti what do you recommend? Mawuwa ndimawamva pafupifupi tsiku lililonse koma poyankha ndi pomwe ndimakakamira, ndinangoti I recommend you to chambo. Anandimva ndithu chambo chinabwera anadya mpaka kutsala minga yokha, koma abwana anali chapafupi ndipo alendo atanyamuka anandiitanira ku kitchini kuti chizungu chimenecho ndi chothyoka ukonze, koma osandiuza cholondola. Usiku onse zandikhala mumtima. Ndinayenera kunena bwanji?

Make Tadala: Mukanangoti I recommend the chambo basi achimwene, you to uja ndi amene waononga

Yami wa ku Senga Bay: Zikomo amayi koma you to walakwa chani poti ndimauza iwowo

Aphunzitsi a ku Chipoka: Ndangoweruka kumene ndiloleni ndilowepo. Yami mphwanga funso lako ndi labwino ndipo ana anga a fomu 4 amaphonya pomwepa chaka ndi chaka. Chimene chimabwera pompo pambuyo pa recommend ndi chinthu chimene ukuchiikira kumbuyocho, osati munthu amene ukumuuzayo. Ukati I recommend the chambo, chambo ndi chomwe ukuchitama. Ukafuna kutchula amene ukumuuza amabwera kumapeto ndi to, I recommended the chambo to our guests. Nde iwe unatembenuza, unaika mlendo kutsogolo chambo pambuyo pa to, ndiye pa chizungu zinamveka ngati ukupereka mayi aja kwa nsomba, ngati ukuuza chambo kuti munthu uyu ndi wabwino mulandireni. Amayi aja anamva chifukwa menyu inali patsogolo pawo koma pa pepala la MANEB malikisi apita pamenepo

Yami wa ku Senga Bay: Eeeh ndamva tsopano. Ndiye chinthu kaye munthu pambuyo

Aphunzitsi a ku Chipoka: Chomwecho

Chiko Kamuzu Road: Koma aphunzitsi ine ndimaona anthu pa Facebook akulemba recommend me a good phone, pamenepa munthu sali kutsogolo?

Aphunzitsi a ku Chipoka: Zimamveka ndithu ngakhale kwa eni chiyankhulo akamacheza, koma akuluakulu ambiri a galamala amazikana. Iwe polemba uziti can you recommend a good phone, kapena recommend a good phone to me, palibe angakudzudzule

Chiko Kamuzu Road: Nanga pa Chichewa? ine ndimadziwa kuti ndi kuyamikira

Make Tadala: Ayi ndi kulangiza

Chiko Kamuzu Road: Kulangiza ndi advise amayi

Nesi wa ku Khombedza: Ife ku chipatala timati kulimbikitsa. Mwachitsanzo WHO recommends exclusive breastfeeding kwa miyezi 6 yoyamba, ku sikelo timawauza amayi kuti tikukulimbikitsani kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 osampatsa mwana olo madzi olo phala. Sitinganene kuti tikuyamikira kuyamwitsa sizingamveke, mayi angaone ngati tikumuthokoza

Chiko Kamuzu Road: Koma commend ndi kuyamikira ndiye re ndi kubwereza ngati rewrite, repeat. Nde recommend akuyenera kukhala kuyamikira kawiri, ine ndi mmene ndakhala ndikuganizira kuyambira ku sekondale

Agogo a ku Lifuwu: Ana inu ndakhala ndikuwerenga chete magalasi anali kutali. Ine ndinaphunzitsa chizungu zaka zambiri ndisanapume, ndipo nthawi yathu timakakamizidwa kudziwa komwe mawu achokera. Mawu awiriwa onse achokera ku Chilatini, commendare, kutanthauza kuikiza chinthu m'manja mwa wina, monga mmene umaikizira mbuzi yako kwa mnansi ukamapita ku ulendo. Re ali pamenepoyo sakunena kawiri ayi, akungowonjezera mphamvu. Pa chizungu cha lero anasiyana njira, commend anakhala kutama munthu pa zomwe wachita kale, the chief commended the fishermen, amfumu anayamikira asodzi nkhani yathera pomwepo. Koma recommend amayang'ana kutsogolo, pali munthu amene sanasankhe ndipo iwe ukumuikira chinthu m'manja kuti tenga ichi sukhumudwa. Ndiye Chiko mdzukulu wanga kuyamikira kulimo koma sikukwana

Chiko Kamuzu Road: Ndagonja agogo

Aphunzitsi a ku Chipoka: Agogo atithandiza. Ine ndimaona kuti Chichewa chilibe liwu limodzi lokwana ponseponse ndipo si vuto. Pa chakudya what do you recommend ndi ngati kunena kuti mungandisankhire chiti, kapena chabwino ndi chiti pamenepa. Kwa anesi ndi kulimbikitsa. Ukamanena za munthu wofuna ntchito ndi kumuikira umboni. Komiti ikalemba recommendations kumapeto kwa lipoti ndi mfundo zomwe akuti zichitike

Mlangizi wa za ulimi: Kwathu kunonso mawuwa ndi a tsiku ndi tsiku, recommended spacing, recommended varieties. Chimanga timati mizere italikirane masentimita 75, phando ndi phando 25, mbewu imodzi pa phando, ija alimi amangoti Sasakawa. Vuto lomwe ndimakumana nalo ndi loti ena akamva recommended amaona ngati ndi lamulo la boma loti ukapanda kutsata akumanga, ena akazindikira kuti si lamulo amangotayiratu nkubwerera ku mbewu zitatu pa phando. Pomwe tanthauzo lake ndi loti anthu anayesa m'minda ya kafukufuku nyengo zingapo nkuona kuti apa ndi pomwe pakutuluka zambiri, munda ndi wako usankha wekha koma ife taona ndi maso

Nesi wa ku Khombedza: Zoona alangizi. Not recommended ndi prohibited ndi zinthu ziwiri. Choyambacho akuti sitikukulimbikitsani, chachiwiri akuti nzoletsedwa. Koma pa botolo la mankhwala mukaona not recommended for children chonde musamati poti sanaletse ndimupatsa theka, bwerani mudzafunse

Yami wa ku Senga Bay: Aphunzitsi nanga ndikafuna kuwauza alendo zochita osati chakudya, monga amakonda kufunsa kokayenda. Ndimati I recommend to go to Kuti, kumalo osungira nyama zakutchire kuja, m'mawa kukadali kozizira nyama zisanabisale. Zili bwino?

Aphunzitsi a ku Chipoka: Ganizo ndi labwino chiganizo ndi chimene chapunduka. Recommend salola to kenako mneni pompo. Uziti I recommend going to Kuti early in the morning, mneni atenge ing. Kapena I recommend that you go early. That uja ukhoza kumusiya, I recommend you go early, zili bwinobwino

Make Tadala: Nanga I recommend you to go? ine ndi mmene ndimanenera

Aphunzitsi a ku Chipoka: Apa ndi pomwe pamavuta amayi. Madikishonale ena a ku Britain amazilola, mupeza we recommend you to book early atalemba ndithu. Koma anthu ambiri maka a ku America zimawamvekera zachilendo ndipo ochonga mayeso ena amadula. Ine ana anga ndimawauza kuti njira ziwiri zopanda mkangano zilipo, ing ndi that, bwanji ukayende ya minga

Chiko Kamuzu Road: Pa that pomwepo pali chinthu chimandisokoneza. Ndinaona pena atalemba the doctor recommends that she rest, ndinaona ngati aiwala s poti timati she rests

Aphunzitsi a ku Chipoka: Sanaiwale Chiko ndipo apa ndi pomwe ine ndimasangalala ndikamaphunzitsa chifukwa ife Achewa tili nazo kale izi mkamwa mwathu kungoti sitizindikira. Tamvera, timati mayiyu amapuma, mayiyu akupuma, koma adokotala akalamula timati adokotala akuti mayiyu apume. Osati apuma. Kumapeto kwasintha kwabwera e chifukwa kupumako sikunachitike, ndi chinthu chomwe wina akufuna kuti chichitike. Apite, adye, agone, abwere. Chizungu chimachitanso chimodzimodzi koma m'malo mosintha mapeto iwo amavula mneni nkumusiya yekhayekha wopanda s wopanda ed. I recommend that he go, apite. I recommend that she be given the job, apatsidwe ntchito, osati is given. Olo nkhani ikhale ya kale mneniyo sasintha, they recommended that he leave, anati achoke. A ku Britain amakonda kuikapo should, that he should go, nazonso nzolondola. Ndiye ukakayika tanthauzira ku Chichewa mumtima, ukaona kuti mneni wathera ndi e dziwa kuti s asapezekepo

Chiko Kamuzu Road: Aaa koma izi akanatiuza chonchi ku sukulu bwenzi titamva kalekale. Ife amangotilembera pa bolodi subjunctive tikopere

Agogo a ku Lifuwu: Nthawi yathu ukayankhula Chichewa mkalasi ya chizungu umalandira chilango, ndiye mphunzitsi sakanayerekeza kufanizira ziwirizi. Ndikaganiza ana angati amene ndikanawathandiza ndi e ameneyu mtima umandiwawa

Mlangizi wa za ulimi: Nanga suggest ndi advise akusiyana pati ndi recommend, mu malipoti ine ndimangosinthasintha kuti liwu limodzi lisachuluke

Aphunzitsi a ku Chipoka: Kulemera kwake ndi kosiyana alangizi. Suggest ndi kungoponya ganizo, bwanji titere, ukhoza kusajesita chinthu chomwe iwe sunayesepo ndipo chikakanika palibe akuloze chala. Advise amachokera kwa munthu wodziwa kapena wamkulu ndipo kawirikawiri mumakhala kachenjezo, I advise you not to swim there. Onani kuti advise yekha ndi amene amalola munthu kenako to popanda wotsutsa, I advise you to go. Suggest ndiye sayerekeza nkomwe, I suggest you to go ndi cholakwika kulikonse olo ku London olo ku New York, suggest me nayenso ayi. Recommend ali ndi dzina lako mkati, ukunena kuti ine ndachiona ichi ndipo ndikuima nacho

Nesi wa ku Khombedza: Muwauzenso za advices aphunzitsi, ma fomu omwe timalandira amadzadza ndi ameneyu

Aphunzitsi a ku Chipoka: Ameneyu timamutenga ku malangizo poti kwathu ndi ochuluka. Pa chizungu advice wa c ndi dzina ndipo sawerengeka, some advice, a piece of advice. Advise wa s ndi mneni ndipo amamveka ngati z kumapeto. Recommendation yekha amawerengeka, three recommendations palibe vuto

Yami wa ku Senga Bay: Sipelo yake inenso imandizunguza ndimaika ma c awiri

Make Tadala: c mmodzi m awiri. Wa ma c awiri ndi m awiri ndi accommodation wa pa chikwangwani cha loji yanu

Make Tadala: Poti tafika pa recommendation ndiloleni ndipemphe thandizo inenso. Mtsikana amene wakhala akundigulitsira mu shopu zaka 3 wapeza mwayi pa holoselo ina ku Lilongwe nde akufuna kalata yochokera kwa ine. Mwana ameneyu sanandibereko olo K50, ndimapita kokaoda ndikumusiyira makiyi ndi kabuku ka ngongole, nthawi yomwe ndinagonekedwa mchipatala ndi Tadala anayendetsa shopu yekha masabata awiri ndinapeza ndalama zili mu chitini ndi kapepala kolemba tsiku ndi tsiku. Zikundiwawa kuti akupita koma sindingamutsekereze. Ndalemba chonchi, I recommend you to employ this girl she is good. Ndikuona kuti zachepa poyerekeza ndi momwe alili

Aphunzitsi a ku Chipoka: Zachepadi amayi. Pa munthu kumbukirani awiriwa, for ndi wa ntchito to ndi wa amene mukumulembera. I recommend her for the post of shop assistant. I recommend her to you. Musati this girl, tchulani dzina lake lonse pa chiganizo choyamba. Ndipo zomwe mwatiuza pano za makiyi ndi chitini ndi zimene zikufunika mu kalatamo osati good. Mwina chonchi, I have known her for three years, during which she managed my shop and handled cash on her own. I recommend her without reservation. Without reservation ndi kunena kuti popanda kukayika kulikonse, palibe chomwe ndabisa kumbuyo

Make Tadala: Without reservation ameneyo ndamukonda ndi zomwe zili mumtima mwanga

Agogo a ku Lifuwu: Mayi lembani ndithu poti mwamuona mwanayo ndi maso anu. Koma ndikufuna ana ali mu gulu muno amve kuti liwu limeneli si la ulemu chabe lomwe umangopatsa aliyense wakupempha. Ndili hedimasitala kunabwera bambo wina mnzanga wa ku mpingo, timadyera limodzi, akufuna kalata ya mwana wake amene amafunsira ntchito yosunga ndalama pa kampani ina. Mnyamatayo ndimamudziwa bwino, kawiri konse tinamugwira ndi ndalama za anzake ku hositelo. Ndinakhala ndi pepala pa tebulo mpaka dzuwa kulowa. Mapeto ake ndinalemba kuti I confirm that he was a pupil at this school, zaka zake, makalasi ake, nkusainira nkudinda. Recommend sindinamuikemo. Bambo aja anawerenga ali chiimire pakhomo la ofesi nkundifunsa kuti aphunzitsi mawu aja ali kuti, ndinati mawu amenewo ndi ngati unkhoswe, zikakavuta uko adzabwera kwa ine. Sanandipatse moni pafupifupi chaka. Mpaka lero sindidziwa ngati mwanayo ndinamulakwira pomutsekera khomo lomwe mwina akanakasinthira khalidwe, ndimaziganizabe, koma dzanja linakana kulemba

Chiko Kamuzu Road: Koma agogo pamenepo ine ndikuona kuti munaumitsa. Mwana wa sekondale kuba ndalama ya mnzake ndi chibwana, anthu amasintha. Masiku ano ntchito kusowa chonchi kalata imodzi ndi moyo wa munthu, ndipo ena akungolemberana ma recommendation pa chibale osamudziwa nkomwe munthuyo nde wolangika ndi amene wapita kwa munthu wachilungamo ngati inu

Agogo a ku Lifuwu: Sindikukutsutsa mdzukulu wanga. Ikanakhala ntchito ina bwenzi nditalemba, mnyamatayo anali ndi manja abwino pa za ukalipentala ndipo ndikanati I recommend him for carpentry ndi mtima onse. For uja aphunzitsi anena ndi wofunika, sumuikira munthu umboni pa chilichonse, umamuikira pa chinthu chakutichakuti

Nesi wa ku Khombedza: Ine ndili mbali ya agogo. Tinalandirapo munthu ndi kalata yoti highly recommended miyezi iwiri isanathe katundu wa mu sitolo anayamba kusowa, kuyambira pamenepo kalata iliyonse yochokera kwa amene anasainayo timangoiika pambali

Chiko Kamuzu Road: Chabwino koma ndikanakonda akanamuitana mnyamatayo nkumuuza pamaso chifukwa chake osati kudzera kwa bambo ake

Agogo a ku Lifuwu: Pamenepo wanena zoona. Sindinamuitane

Mlangizi wa za ulimi: Funso lomaliza kwa ine aphunzitsi, munthu angadzirekomende yekha? Mphwanga analemba mu kalata yofunsira ntchito kuti I recommend myself for this job

Aphunzitsi a ku Chipoka: Galamala yake ilibe vuto koma sizimveka bwino, zili ngati kudziimira umboni wekha pa bwalo la amfumu. Alembe I wish to apply for, kapena I believe I am suitable for this post, kurekomendako asiyire ma referee omwe wawatchula mmunsi. Ndipo awapemphe kaye asanalembe maina awo

Yami wa ku Senga Bay: Mwadzuka bwanji nonse, ndabweranso ndi lipoti. Azungu aja anabweranso dzulo usiku. Sabata ino mwera wavuta asodzi sakulowa pa nyanja nde chambo chomwe chilipo ndi cha mu fuliza cha masiku angapo, chomwe chinabwera chachiwisi m'mawa ndi kampango mmodzi wamkulu. Mayi aja atakhala pansi akuti do you recommend the chambo again? Ndinakumbuka za agogo ndinati today I recommend the kampango, it came in this morning. Anafunsa kuti ndi nsomba yanji ndinawauza kuti ndi ya mtundu wa mlamba yopanda mamba, minofu yambiri minga yochepa, I recommend having it grilled. Anaitanitsa onse awiri. Abwana anamva sananene kanthu za chizungu koma anandiyang'ana poti iwo amafuna chambo chija chituluke

Make Tadala: Mwachita bwino achimwene having it grilled mpaka

Yami wa ku Senga Bay: Koma chomwe ndinasowa ndi ichi aphunzitsi, akanaumirira chambo chomwecho ndikanawakaniza bwanji mwaulemu osanyoza kitchini yathu

Aphunzitsi a ku Chipoka: I wouldn't recommend it today. Wouldn't uja ndi amene amafewetsa, I don't recommend it imagwa molimba ngati ukuti nchoipa. Today asasowe kuti adziwe kuti mawa mwera ukaleka chambo chibweranso. Potchula mphamvu ikhale kumapeto, rekoMEND, osawonjezera i kuti rekomendi

Yami wa ku Senga Bay: I wouldn't recommend it today. Ndalemba kumbuyo kwa kabuku ka ma oda. Akuti Loweruka abweranso ndi anzawo anayi asanapite ku Nkhotakota

Make Tadala: Aphunzitsi kalata ija ndamaliza ndikutumizirani ku inbox muione kaye, mwanayu akukwera minibasi ya m'mawa Lolemba